Amwali, kuno bisiketi amathira msuzi

Atlanta, Georgia

Okondedwa a Nabanda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu komanso ana kumeneko ku Leeds. Ife kuno kulibe chovuta. Nkhani yoti mapepala anu a ntchito atheka yandisangalatsa kwabasi. Za nyumba, sukulu ya ana ndi galimoto tikambirana pafoni, chifukwa zimenezo zimafuna cholembera m'manja. Lero ndiyankhe funso lija munaliponya kumapeto ngati nthabwala, loti ana anu okulira ku England adzadya chiyani kuno ku America.

Chingerezi cha kukhitchini chimene tinakula nacho ife ndi cha ku Britain. Chipisi cha pachiwaya, bisiketi, sikono, switi, jamu, zonsezi anatisiyira ndi atsamunda, n'chifukwa chake titafika ku Leeds m'sitolo sitinkasochera kwenikweni. Kuno mawu ndi omwewo koma akuloza zinthu zina. Mawu achilendo savuta, umafunsa. Ovuta ndi awa owadziwa kale, chifukwa munthu umaitanitsa molimba mtima, mbale ikafika n'kungoti kakasi.

Mukanena kuti chips, akupatsani kapaketi ka mbatata zopyapyala zouma zija mumati crisps kumeneko. Chipisi chotentha cha kachewere amati fries, ndipo kawirikawiri amachidula mowonda. Chonenepa chija cha kuchipi shopu, chofewa mkati, chothira mchere ndi viniga, n'chosowa. Chodabwitsa n'chakuti akalemba fish and chips pamenyu, chipisi chake chimabwera chotentha ndithu, dzinalo analisiya mmene linabwerera. Koma nsawawa zophwanya zija musaziyembekezere. Ndipo m'zigawo za kumwera kuno nsomba yokazinga imene anthu amaikonda ndi mlamba. Amaugubuduza mu ufa wa chimanga n'kuuponya m'mafuta ambiri. Alamu adzaukonda, ndikudziwa.

Tsopano bisiketi. Zonse zimene ana anu amaviika mu tiyi, kaya digestive kaya custard cream, kuno ndi cookie. Dzinali linabwera ndi Adatchi amene anamanga mudzi wa New Amsterdam, umene Angerezi anaulanda mu 1664 n'kuutcha New York. Chimene anthu a kuno amati biscuit ndi kabuledi kofewa, kopanda shuga, kokanda ndi batala ndi mkaka wosasa, ndipo amakadya kakadali kotentha. M'mawa amakang'amba pakati, n'kuthirapo msuzi woyera wokhuthala wa ufa wa tirigu, mkaka, tsabola wakuda ndi nyenyeswa za soseji ya nkhumba. M'maso sichikopa ayi, chimangooneka ngati phala la mwana latayikira pasikono. Koma mudzalawe tsiku lozizira mukuchokera kuntchito ya usiku, mudzandiuza. Ine ndimati pa zakudya zonse zam'mawa za mayiko awiriwa, ichi chimaposa ngakhale mbale ija ya Angerezi ya mazira, bekoni, tomato wootcha ndi nyemba. Tikangana mukabwera.

Kunena za bekoni, wa kuno amachokera kumimba kwa nkhumba, ndi mafuta okhaokha, ndipo amamukazinga mpaka aume gwa. Wa nyama yambiri uja wa kumsana ndi wa kumeneko.

Pomwe mudzavutike zenizeni ndi pa tiyi, inu amene simuyamba tsiku musanamwe makapu awiri. Kuno ku Georgia mukangoti tea akubweretserani tambula yaikulu yodzaza ayezi, tiyi wozizira wopanda mkaka, shuga wake wochita kunyanya. Amamwa pachakudya chilichonse, nyengo yotentha ndi yozizira yomwe. Wotentha muyenera kumutchula kuti hot tea, ndipo mkaka mupemphe padera, apo ayi adzakuikirani kachidutswa ka ndimu pambali. Anthu ake ndi a khofi. Ena amati zinayambira mu 1773, pamene anthu a ku Boston anataya mabokosi 342 a tiyi padoko pokwiya ndi msonkho wa boma la Britain. Kaya n'chifukwa chokhacho, koma tiyi wotentha sanabwererenso pamalo pake. Nyumba zambiri zilibe n'komwe ketulo ya magetsi. Kumeneko magetsi ndi 230 volts, kuno ndi 120, choncho madzi amachedwa kuwira, ndipo anthu amangotenthetsa kapu mu microwave osachita nazo manyazi. Ketulo yanu muisiye, ngakhale pulagi yake silowa. Muwauzenso ana kuti chizolowezi cha ku Yorkshire chotchula chakudya chamadzulo kuti tea kuno palibe adzachimve, aphunzitsi adzangoganiza kuti makolo mumagoneka ana ndi tiyi.

Zakumwa zina nazo n'zotembenuka. Squash kwa ife ndi chakumwa chosungunula ndi madzi, mtundu wa Sobo uja. Kuno squash ndi maungu ndi abale ake, ndipo chakumwacho sachidziwa. Lemonade wa kumeneko ndi wa gasi, wa kuno ndi madzi a mandimu ndi shuga basi. Cider ndiye ndikuchenjezeni mwapadera poti alamu ndi mkulu wa mpingo: akadzaona ana akupatsidwa apple cider kutchalitchi asadzadzidzimuke, ndi madzi a maapozi chabe. Woledzeretsa amamutcha hard cider.

Ribena ndiye muiwale, kupatula m'masitolo ogulitsa za kunja pamtengo wokwera. Mu 1911 boma la America linaletsa kulima zipatso za blackcurrant chifukwa mitengo yake inkafalitsa matenda opha paini wa matabwa. Lamulolo analichotsa mu 1966 n'kusiyira chigawo chilichonse kuti chidzionere chokha, koma pofika nthawiyo anthu anali ataiwala kale kakomedwe kake. Mpaka lero switi yofiirira kuno ndi ya mphesa. Ana anu adzazindikira tsiku loyamba lomwe.

Za masamba sindichulutsa. Mabiringanya mumati aubergine, kuno eggplant. Courgette ndi zucchini, rocket ndi arugula, masamba a coriander ndi cilantro. Angerezi anatengera mayina kwa Afalansa oyandikana nawo, Amereka anatengera ambiri mwa mayinawa kwa anthu obwera kuchokera ku Italy ndi ku Mexico. Nyama yogaya ndi ground beef. Zimenezi sabata imodzi mwazolowera.

Mazira mudzawapeza m'firiji m'sitolo, ndipo kunyumba muwasungenso m'firiji. Kuno amawatsuka asanagulitse, ndiye kachikuto kachilengedwe koteteza chikungwa kamachoka. Ku Britain satsuka, amadalira katemera wa nkhuku, n'chifukwa chake amangowaika pashelefu. Mkaka amagulitsa m'zigubu za galoni, pafupifupi malita 3.8. Paindi ya kuno ndi mamililita 473 pomwe ya kumeneko ndi 568. Maresipi sayeza pasikelo, amayeza ndi kapu, ndipo uvuni ukalemba 350 musathawe, ndi 180 yathu ija, pang'ono chabe kusiyana. Mtengo wolembedwa pashelefu si umene mudzalipire, msonkho amauwonjezera pakauntala.

Dandaulo langa lalikulu ndi shuga. Buledi wa m'sitolo ndi wotsekemera. Nyemba za m'chitini, zimene kumeneko zimakhala mumsuzi wa tomato, kuno amathira shuga wabulauni kapena molasesi ndi kanyama ka nkhumba, ndipo ukawauza kuti nyemba amaziika pabuledi wootcha m'mawa amakuyang'ana modabwa. Mbatata ya kholowa, imene ambiri amaitcha yam ngakhale si chilazi, pa chikondwerero chothokoza cha Thanksgiving amaiphika ndi shuga ndi batala n'kuyalapo ma marshmallow pamwamba, kenako n'kuidya pamodzi ndi nkhukundembo ngati ndiwo. Mbatata yotsekemera kale! Chokoleti nachonso n'chosiyana. Cadbury wa kuno amapanga ndi a Hershey kuyambira 1988, ndipo pakamwa sakoma ngati wa kumeneko.

Koma amwali, chimene ndafunitsitsa kukuuzani ndi ichi. Mayina adzakusokonezani masiku oyamba okha. Mukadzayang'ana m'mbale momwemo, chakudya cha kumwera kwa America chili pafupi ndi cha kwathu kuposa chilichonse chimene tinkadya ku England.

Mukukumbuka mmene tinkavutikira ndi ufa, kukwera basi kukasaka m'timasitolo ta anthu a ku Africa, kenako n'kudutsa ku Kirkgate Market kukagula masamba? Kuno chimanga ndi chakudya cha eni dziko. Sitolo iliyonse ili ndi ufa, amautcha cornmeal, woyera ndi wachikasu womwe. Kungoti muwerenge bwino paketi. Wolembedwa self-rising kapena cornmeal mix ali kale ndi mchere ndi zotupitsa, nsima yake simungadye. Masa harina ndi wa anthu a ku Mexico, chimanga chake amayamba achiphika ndi laimu kuti apangire tortilla, ndipo fungo lake ndi lina. Cornflour wanu uja wokhuthalitsira msuzi kuno ndi cornstarch. Wa nsima ndi woyera wosalala wopanda chilichonse. Sufika pa ufa woyera wokonola ndi kuviika wa kwathu, umakhala pakati pa gramilu ndi mgaiwa, koma mtanda umaumbika bwinobwino.

M'mawa amadya grits, phala la chimanga chogaya mokhakhala. Sathira shuga, amathira mchere, batala, mwina tchizi, ndipo mkangano wa shuga m'phalali umatha kudanitsa pachibale. Cornbread ndi chikondamoyo, kungoti amaphikira m'chiwaya chachitsulo chakuda chimene amayamba achitenthetsa ndi mafuta kuti pansi pachite nkhoko.

Ndinaitanidwa tsiku la Chaka Chatsopano kwa mayi wina wachikuda amene timapemphera naye, wobadwira konkuno. Patebulo panali khobwe wophika ndi mpunga, amene amati Hoppin' John, mphika wa masamba a collard, therere lobala loduladula, logubuduza mu ufa n'kukazinga, chikondamoyo chotentha, ndi nkhuku. Anandifotokozera kuti khobwe ndi masamba sizisowa patsikuli chifukwa zimaitana mwayi ndi ndalama. Masambawo anali atabwata maola ndi khosi la nkhukundembo lowamba, mpaka kusanduka obiriwira modera, ndipo msuzi wake anautunga m'kapu n'kumaviikamo chikondamoyo. Kwa ife kuphika masamba nthawi yonseyo n'kuwapha, ndipo ndinawauza. Iwo anaseka, koma nditawaphikira collard yemweyo wotendera ndi nsinjiro anapempha kuti ndiwalembere kaphikidwe kake.

Kufananaku sikunangochitika. Therere ndi khobwe zinawoloka nyanja ya Atlantic nthawi ya malonda a akapolo, ndipo amene ankaphika m'makhitchini a m'minda ya thonje ndi mpunga ya ku Georgia ndi South Carolina anali anthu ogwidwa kumadzulo ndi pakati pa Africa. Chimanga, mtedza ndi chinangwa zinayenda ulendo wosemphana, kuchoka ku America kubwera kwathu ndi zombo za Apwitikizi. Ndiye mukadzaona chikwangwani cha boiled peanuts m'mbali mwa msewu wopita ku Savannah, muime. Ndi mtedza wauwisi wophika ndi makoko omwe, kungoti mchere amachulutsa. Georgia ndi chigawo chimene chimalima mtedza wambiri kuposa zonse muno, ndipo Jimmy Carter asanakhale pulezidenti anali mlimi wa mtedza ku Plains. Chiponde ndiye chili m'nyumba iliyonse, ana amapita nacho kusukulu chopaka pabuledi pamodzi ndi jamu, amene iwo amati jelly.

Zotsala zonse zili kumsika waukulu wa pa Buford Highway ndi wina wa DeKalb: nyama ya mbuzi, mpiru, chinangwa chimene amalemba kuti yuca, nthochi zophika, ndi tilapia wathunthu ndi mutu wake. Si chambo, koma ndi tomato ndi anyezi amayenda. Ndidzakutengerani Loweruka loyamba mukangopumula.

Pomanga katundu, ikanimo masamba a tiyi ambiri ndithu, ndipo ngati kwatsala Chombe amene anakubweretserani achimwene, mundisungireko paketi imodzi. Kastadi wa ufa nayenso n'ngosowa. Soseji, bekoni ndi nyama iliyonse musayerekeze, amalanda pabwalo la ndege, ndipo chakudya chilichonse chimene mwanyamula muchinene akakufunsani. Muyang'anenso m'zikwama za ana: mazira a chokoleti a Kinder Surprise, okhala ndi kachidole mkati, ndi oletsedwa kulowa nawo muno chifukwa cha lamulo la 1938 loletsa kubisa zinthu zosadyedwa m'kati mwa maswiti. Mthiko ndi chipande zokhazo musasiye, kuno mudzapeza masupuni athabwa opyapyala othyoka nsima ikangolimba.

Mundiuze tsiku ndi nambala ya ndege mukangogula matikiti. Moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amayi onse a kwaya.

Ndine mnzanu,
Nagama