Makapisozi otsala m'nyumba anatsala pang'ono kundiphera mwana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi owerenga anzanga za makapisozi amene timasunga m'nyumba tikangopeza bwino, aja timati adzatithandiza tsiku lina. Ine ndinkasunga. Ndinasiya nditatsala pang'ono kutaya mwana wa mchemwali wanga.

Dzino linali litandichita mafinya, ndipo adokotala anandilembera amoxicillin, mmodzi mwa maantibayotiki, wa masiku asanu, katatu pa tsiku. Pofika tsiku lachitatu kutupa kunaphwa, ine n'kusiya kumwa. Makapisozi 6 anatsala m'kabati. Patapita miyezi iwiri mtsikanayu, wa zaka 17, anabwera kudzacheza ali ndi chimfine, pakhosi pakumukanda. Ndi mtima wofuna kuthandiza ndinamupatsa kapisozi mmodzi. Sipanathe mphindi 30. Anayamba kudzikanda m'mikono ndi m'khosi, zidzolo zikuluzikulu zikutuluka ife tikuona, milomo n'kutupa. Chimene sindidzaiwala ndi kapumidwe kake, kolira ngati kamluzu, atandigwira dzanja koma mawu osatuluka. Kuchipatala anamubaya jakisoni wa adrenaline pantchafu n'kumugoneka usiku umodzi. Namwino anandifunsa modekha mafunso awiri okha: “Mwamupatsa chiyani, bambo? Nanga anamulembera ndani?” Lachiwirilo ndinasowa poyankha.

Thupi lake limadana ndi penicillin, ndipo amoxicillin ndi wa banja lomwelo. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mankhwalawo sankawafunikira n'komwe. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, pomwe maantibayotiki amalimbana ndi mabakiteriya okha, amene amayambitsa matenda monga taifodi, chinzonono, chindoko, matenda a m'chikhodzodzo, chibayo china ndi mabala a mafinya. Penicillin amapha bakiteriya pomulepheretsa kumanga khoma lomwe limamuteteza. Vairasi alibe khoma limenelo, choncho mankhwala alibe pogwira. Chifuwa chambiri ndi zilonda zapakhosi zambiri zimatha zokha pakapita masiku, koma ife tikachira timayamika kapisozi amene sanachite kanthu. Ndinaika moyo wa mwana pachiswe popanda phindu lililonse.

Pali mawu amene timakonda kunena mankhwala akaleka kugwira ntchito, akuti thupi lazolowera. Si thupi ayi, ndi tizilomboto. M'gulu la mabakiteriya mamiliyoni mumakhala ochepa amene ali ndi njira yodzitetezera. Mankhwala akafika amapha ofooka, olimbawo n'kutsala ndi malo onse. Ena amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse zinthu zikawayendera, ndipo amapatsirananso luso limeneli ngakhale ndi mabakiteriya a mtundu wina. Nthawi iliyonse imene tamwa antibayotiki, kaya pa chifukwa chomveka kaya pa chimfine, mabakiteriya okhala m'matumbo mwathu ndi pakhungu amakumana naye n'kusefedwa chonchi. Kenako amayenda kudzera m'manja, m'madzi ndi m'zimbudzi. Khanda lobadwa dzulo, losalawapo mankhwala aliwonse, likhoza kugwidwa ndi kachilombo kosamva mankhwala kamene kanalimbira m'thupi mwa munthu wina. Ndiye nkhaniyi si ya mwini wake yekha.

Chenjezoli si lalero. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin ku London mu 1928, polandira mphoto ya Nobel mu 1945 anachenjeza kuti munthu womwa mlingo wosakwanira angathe kulimbitsa tizilombo m'malo motipha. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 mokha anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Amene anaonapo wodwala TB yosamva mankhwala ake akuluakulu, isoniazid ndi rifampicin, akudziwa mmene chithandizo chake chimavutira. Chinzononso chagonjetsa kale mankhwala angapo amene kale ankachichiza mosavuta.

Sindikunyoza mankhwalawa. Mwana wodwala chibayo cha mabakiteriya, mayi amene watenga matenda atangobereka, onsewa amapulumuka nawo, ndipo kuchedwa kuwapatsa kumapha. Pempho langa n'lakuti alembedwe ndi amene wamuona wodwalayo, ndipo amwedwe mmene alembedwera.

Apa m'pamene ambiri timaphonya osadziwa. Papaketi akalemba 1 x 3, timamwa m'mawa, masana ndi madzulo dzuwa likamalowa, zonse m'maola 10, kenako usiku wonse m'magazi mankhwala atachepa, tizilombo tikupuma. Katatu pa tsiku tanthauzo lake n'kutalikitsa mofanana, pafupifupi maola 8 aliwonse: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku. Mukaiwala, imwani pomwe mwakumbukira, pokhapokha ngati nthawi ya ena yayandikira, ndipo musaphatikize awiri kuti mubweze. Kutalika kwa masiku nako n'kwa adokotala. Matenda ena amafuna masiku atatu, ena asanu kapena asanu ndi awiri, TB wamba miyezi 6. Kupeza bwino si chizindikiro chakuti tizilombo tatha. Mukaona kuti mwachira msanga kapena mankhwala akukuvutani, bwererani mukafunse, m'malo mosiya nokha monga ndinachitira ine.

Mankhwala aliwonse alinso ndi malamulo ake, ndipo pawindo lolandirira mankhwala timachita manyazi kufunsa chifukwa cha mzere umene uli kumbuyo kwathu. Metronidazole sayenderana ndi mowa, pa nthawi imene mukumwa mpaka masiku awiri mutamaliza. Doxycycline amafuna kapu yodzaza ya madzi munthu ali chikhalire kapena chiimire, osagona pompo, chifukwa akakakamira kummero amawotcha. Nthawi zambiri saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Doxycycline yemweyu pamodzi ndi antibayotiki wina wotchedwa ciprofloxacin salowa bwino m'magazi akamwedwa limodzi ndi mkaka, mapiritsi owonjezera magazi kapena mankhwala a kutentha pamtima. Rifampicin amafooketsa mapiritsi olera, komanso amafiiritsa mkodzo, zomwe zimaopsa ambiri ngati sanauzidwe. N'chifukwa chake adokotala ayenera kumva zonse: ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa, muli ndi vuto la impso, mukumwa mankhwala ena, kapena munatulukapo zidzolo mutamwa kena kake.

Za ana ndizitchula padera. Mlingo wawo umawerengedwa potengera kulemera kwa thupi, choncho kutsegula kapisozi wa munthu wamkulu n'kugawa ufa wake ndi maso ndi ngozi. Mankhwala amadzi ayezedwe ndi kasupuni kapena kasirinji kamene mwapatsidwa, botolo likhutchumulidwe kaye. Aja a ufa othira madzi amatha mphamvu pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye botolo lotsala la mkulu wake lisadikire mng'ono wake.

Nseru pang'ono kapena kutsegula m'mimba pang'ono zimachitika. Koma kutupa nkhope, milomo kapena lilime, kubanika, matuza pakhungu ndi m'kamwa monga amachitira ena ndi cotrimoxazole, kutsegula m'mimba kosalekeza kapena kwa magazi, izi si zodikira kuti kuche. Lekani kumwa, thamangirani kuchipatala, paketi yake muli nayo m'manja. Pakapitanso masiku awiri kapena atatu osaona kusintha, bwererani. Mwina kachilomboko sikakumva mankhwalawo, ndipo pangafunike kuyeza mkodzo, magazi kapena mafinya kuti apeze oyenera.

Kwa inu achipatala ndi ogulitsa mankhwala, ndikudziwa kuti anthu amakuchulukirani, koma mphindi imodzi yofotokoza maola omwera ndi zizindikiro zoopsa imasintha zambiri. Munthu akabwera wopanda pepala la adokotala n'kupempha makapisozi awiri okha, mukanizeni ndipo mumuuze chifukwa chake. Ifenso odwala tileke kukwiya adokotala akatiuza kuti chimfine chathu chikungofuna kupuma, madzi ambiri ndi mankhwala ochepetsa ululu. Dokotala woteroyo watisamala.

Inunso a Mkonzi, chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka pa 24 November dziko lonse limakumbutsana za vuto la tizilombo tosamva mankhwala. Ndikupempha kuti sabata imeneyo mudzapereke tsamba kwa madokotala ndi anamwino kuti ayankhe mafunso a owerenga m'chilankhulo chathu. Mtsikana uja anachira, ndipo tsopano amayenda ndi kakhadi m'chikwama kolembedwa kuti asapatsidwe penicillin. Makapisozi asanu amene anatsala ndinakawasiya kuchipatala komweko kuti akawawononge.

Ine,
Malume wokhudzidwa