Asilikali opita ku Congo azinyamula PEP

A Mkonzi,

Kuyambira 2013, Malawi yakhala ikutumiza asilikali kukasungitsa bata kummawa kwa Congo, kumene zigawenga zimagwirira amayi ndi atsikana dala pofuna kuopseza midzi. Wogwiriridwa amafunika kuyamba mankhwala a PEP pasanathe maola 72 kuti asatenge HIV. Nanga kunkhalango za ku Beni, dera la kummawa kwa Congo komweko, misewu itatsekedwa, awapeza kuti?

Ndikupempha akuluakulu a asilikali kuti gulu lililonse lizinyamuka ndi mankhwalawa, makondomu komanso anamwino achizimayi, poti mayi sangaulule zotere kwa mwamuna wonyamula mfuti. Msilikali wonyengerera mtsikana wanjala ndi chakudya kapena ndalama alangidwe, osamubisa.

Asilikali obwerako nawonso aziyamba ayezetsa magazi asanafike kunyumba. Ena mwa akazi awo tikukhala nawo kuno ku Mangochi.

Wowerenga wanu,
Mangochi