Amayi apakati tikuwamana mazira koma dothi tikuwagulira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yandisowetsa tulo masiku ano. Akazi anga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yoyamba, ndiye mayi anga anabwera kuchokera kumudzi kuti adzatithandize. Ndimawayamika kwambiri, amadzuka m'mamawa, kuchapa, kuphika, zonse. Koma tsiku lomwe anafika anapeza thileyi ya mazira pa shelefu, nkuitenga kukaika kuchipinda kwanga amvekere awa ndi anu bambo, apongozi angawa asayerekeze, mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Akazi anga sanayankhe kanthu, mukudziwa mkamwana satsutsa apongozi. Mawa lake mayi omwewo anabwera kuchokera kumsika ndi kajumbo ka dothi lija lowotcha amagulitsa timibulutimibulu, ati mwanayu akulilakalaka, mzimayi wapakati sumumana chimene mtima wake ukufuna.

Mazira ayi, dothi eya. Ine ndinaziona ngati zabwinobwino chifukwa ndi momwe tinakulira tonse.

Chinanditsegula maso ndi tsiku limene ndinawaperekeza akazi anga kusikelo. Anesi anawakoka chikope chammunsi, mkati muli mbuu, zikhatho nazo zoyera, atayeza anati magazi ndi ochepa. Anafunsa kuti mapilitsi owonjezera magazi aja mukumwa? Iwo anati ndimamwa, m'mawa ndi tiyi. Anesiwo anapukusa mutu nkutifotokozera modekha kuti tiyi amatchinga ayironi, amene amathandiza thupi kupanga magazi, kuti asalowe bwino mthupi, ndiye mapilitsi kapena chakudya zisamayendere limodzi ndi tiyi, papite kaye ola limodzi kapena awiri, ndipo mmalo mwake adye chipatso ngati gwafa, lalanje, bwemba kapena malambe chifukwa zimenezi ndi zimene zimathandiza ayironi kulowa. Za dothi anati kulilakalaka kumeneko kawirikawiri kumakhala chizindikiro choti magazi achepa kale, ndiye ukamadya ukungowonjezera vuto, limadzimbitsa, limatha kubweretsa njoka zammimba komanso limalanda ayironi yemwe thupi likumusowayo. Mazira anati adye ndithu, bola aphikidwe mpaka chikasu chija chilimbe. Tsitsi la mwana silikhudzana ndi dzira olo pang'ono.

Ndipo si kwathu kokha ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 pa 100 alionse anali ndi magazi ochepa. Pafupifupi theka abale. Mayi wotere akataya magazi pochira, ngakhale amene wina akanapirira, iye zimamuthera poipa.

Chimene chikundiwawa akonzi ndi ichi. Uphungu wonsewu amaumva ndi mayi yekha pa benchi ya kusikelo, amaimba nyimbo, amaloweza magulu asanu ndi limodzi a zakudya, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, koma akafika kunyumba ogwira ndalama ndi bambo, ogwira mthiko ndi apongozi, ndipo onsewa kusikelo sanapondeko. Tsiku limene ndinapita ine abambo tinalipo atatu basi pa chigulu cha amayi chodzadza khonde lonse. Nde mukuganiza kuti mtsikana wa zaka 22 angaime pamaso pa apongozi ake nkunena kuti anesi anati zakutizakuti? Sizingatheke.

Zina zimene ndinamva tsikulo nzoti ambiri sitiziganizira nkomwe. Kanyenya wa panjira uja wopsa kunja mkati muli magazi, ayi. Mkaka wongokama kumene uwiritsidwe kaye. Nsinjiro zisachokere ku mtedza wa chuku. Chiwindi nchabwino koma pang'ono, osati tsiku ndi tsiku poti chili ndi vitamini A wambiri zedi. Ma energy drink aja ndi khofi achepetse. Thobwa watsopano alibe vuto koma akagona masiku nkuyamba kusasa ndiye kuti wayamba kusanduka mowa, ndipo mowa uliwonse kaya ndi masese, kachasu kapena wammabotolo umadutsa pa mchombo kukafika kwa mwana nkuwononga ubongo wake, palibe zoti kapu imodzi yokha ndiyowonjezera magazi monga ena amanenera.

Koma chimene chinandiopsa kuposa zonse ndi mwanamphepo. Mayi anga anali atanena kale kuti mwezi ukakwana adzaitanitsa kumudzi kuti matenda adzayende msanga. Nditawauza anesi mawu amenewa nkhope yawo inasintha, anati mankhwala achikuda amenewa palibe amadziwa muyezo wake, amatha kuyambitsa matenda mwamphamvu njira isanatseguke, mwana kubanika, chiberekero mpaka kung'ambika, ndipo amayi ambiri amabisa kuti amwa mpaka zinthu zitafika povuta.

Mayi anga sindinalimbane nawo, ndi ondibala ndipo zonsezi amachita chifukwa chomukonda mdzukulu wawoyo. Ndinangowapempha kuti ulendo wotsatira apite nawo okha akamve ndi makutu awo. Anapita, anakhala nawo pa benchi, anafunsa mafunso awo. Za mwanamphepo sanazitchulenso. Mazira akuwiritsa okha ngakhale amang'ung'udzabe kuti tidzaona mutu wa mwanayo. Dothi ndi limene likuvutabe, dzana ndinapeza kachidutswa komangidwa pa nsonga ya chitenje, akazi anga anachita manyazi nkunena kuti mvula ikangowaza fungo lija limawakoka mtima. Pano mphika ukumakhala wa usipa, nyemba, bonongwe kapena chisoso chotendera, zinthu zoti sizidula kuposa mayunitsi amene timagula tsiku lililonse.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo, alangizi a zaumoyo mmidzi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndiloti uthengawu uzipita kwa ife abambo ndi kwa apongozi, pa wailesi, ku bawo, ku misonkhano ya amayi amvano, konsekonse. Inunso akonzi tipatseniko kadanga sabata iliyonse koti namwino aziyankha mafunso amenewa m'Chichewa chomveka. Ife tsiku lathu lotsatira la sikelo ndi mwezi wamawa, tikayezetsanso magazi, ndipo tipita tonse atatu.

Bambo woyembekezera mwana woyamba,
Area 25, Lilongwe