Za foni ya alamu anga

Zomba

Okondedwa achemwali anga Anabanda,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani mtima utatsikako pang'ono kusiyana ndi mmene munkamvekera Lachiwiri usiku. Kuno tonse tili bwino, ndipo mayi anu ndinawaona kutchalitchi ali athanzi, koma sindinawatsine khutu pa chilichonse chimene munandiuza. Uthenga wanu wa mawu ndaumvetsera katatu, ndipo ndasankha kukuyankhani polemba chifukwa ndikanakuimbirani nthawi yomweyo tikanangolira limodzi mpaka mayunitsi kutha, osathandizana kanthu.

Mwanena kuti kwa miyezi iwiri tsopano alamu anga asintha nambala yachinsinsi ya foni yawo, amaivundikira patebulo mukakhala pafupi, amalowa nayo ngakhale kubafa, ndipo ikalira usiku amatuluka kukayankhira panja m'chisanu cha ku Johannesburg. Sindingakuuzeni kuti mukungoganiza zopanda pake, pakuti mkazi amene wakhala ndi mwamuna zaka 11 amadziwa kayendedwe kake, ndipo kakasintha amamva mumtima asanaone ndi maso. Koma mwandifunsa ngati kuli koyenera kulipira mnyamata wokonza mafoni uja kuti aike pulogalamu yozonda mufoni ya alamu, kuti mauthenga awo onse azifikanso kwa inu. Yankho langa ndi lakuti musatero, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi nkhani ya m'nyumba mwanga imene sindinakufotokozereni yonse.

Mukukumbukira kuti mu 2019 ndinaonda kwambiri, ndipo munkandifunsa pa vidiyo ngati ndikudwala. Ndinkakuyankhani kuti ndi ntchito. Zoona zake n'zakuti tsiku lina m'mawa, bambo a kunyumba ali kubafa, ndinatenga foni yawo pamtsamiro n'kuyamba kuwerenga. Sindinapeze mawu achikondi ayi. Ndinapeza mauthenga a Mpamba osonyeza kuti kumapeto a mwezi uliwonse ankatumiza ndalama ku nambala imodzi, ndipo monga mukudziwa, chiyambire kalembera wa masimu khadi wa 2018 uja, nambala iliyonse imakhala ndi mwini wake wodziwika. Dzina limene linkaoneka linali la mkazi amene sindinamumvepo. Ndinalemba nambalayo kuseri kwa buku la nyimbo, ndinabwezera foni pamalo pake, ndipo ndinawakonzera tiyi monga mwa masiku onse.

Kwa miyezi itatu ndinakhala ndi chinthu chimenecho m'mimba. Sindikanatha kuwafunsa, chifukwa kufunsako kukanaulula kuti ndinawerenga zawo mobisa, motero ine amene ndinkawaimba mlandu wobisa zinthu ndinali nditakhalanso wobisa. Ndinkadzuka pakati pa usiku kudikira kuti ayambe nkonono kuti nditengenso foni. Akaseka okha akuyang'ana pagalasi la foni, ine nsima inkandikanika kumeza. Kuchipatala anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi limene ndikumwera mankhwala mpaka lero. Mapeto ake, tsiku lina masana ndinaimba nambala ija pa foni ya mnzanga wa kuntchito, ndipo ndinatukwana mayi amene anayankha ndi mawu amene sindingawalembe pano. Mayiyo anangokhala chete, kenako anati, "Afunseni amuna anu," n'kudula.

Nkhani itafika kwa ankhoswe, zinadziwika kuti bambo a kunyumba anali ndi mwana wamkazi amene anabereka tisanakumane, ndipo ndalama zija zinali za fizi ya kusekondale. Mayi amene ndinamutukwana anali azakhali a mwanayo, amene ankamulera mayi ake atamwalira. Sindikunena kuti bambo a kunyumba analibe cholakwa. Kundibisira mwana kwa zaka zonse zija kunali kundilakwira kwambiri, ndipo malume awo anawadzudzula pamaso panga mosapsatira. Chimene ndikufuna muone n'chakuti foni ija inandiuza zoona zokhazokha, ndalama zinapitadi ndipo dzina linalidi la mkazi, koma inandiuza theka la nkhani, ndipo theka linalo ndinadzazamo ndekha ndi mantha anga. Ndinakapepesa kwa mayi aja nditagwada, ndipo ngakhale anandikhululukira, manyazi ake sanandichokebe.

Taganiziraninso zimene zingachitike mutafufuza n'kupeza kuti mulibe kanthu. Kodi mtima wanu ungakhale pansi? Ine ndikukayika, chifukwa mukudziwa bwino kuti kuyambira 2020 WhatsApp ili ndi mauthenga ofufutika okha pakapita nthawi, ndipo mu 2023 anaonjezamo njira yotsekera macheza ena kuti asamaoneke pamodzi ndi anzake. Munthu wofunitsitsa kubisa angathenso kugula kafoni kena kotchipa n'kumakasiya kuntchito. Choncho mukapeza foni yoyera mudzati afufuta, ndipo mawa mudzafufuzanso, mkuja chimodzimodzi. Ntchito imeneyi ilibe tsiku lomaliza, ndipo amene imamudya ndi wofufuzayo.

Pali china chimene sindinachiganizire nthawi imeneyo. Mufoni ya munthu simukhala zake zokha. Pamene ndinkafunafuna chibwenzi mufoni ya bambo a kunyumba, ndinawerenga uthenga wa mlongo wawo wowauza za matenda ake amene sanafune kuti wina aliyense adziwe, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikumuyang'ana ndikudziwa chinthu chimene sanandipatse. Ngakhale uthenga wanu wa Lachiwiri, umene munalankhula mukulira, uli mufoni yanga pano. Bambo a kunyumba atauona popanda chilolezo changa, amene angavulidwe ndi inu, osati ine ndekha. Alamu anganso ali ndi abale ndi anzawo a kuntchito amene amawauza zakukhosi pokhulupirira kuti zikuthera pomwepo.

Za mnyamata wokonza mafoniyo, ndikupempheni muchenjere kawiri. Pulogalamu imene ingathe kukutumizirani mauthenga a alamu ingathenso kuonetsa woikayo zithunzi za ana anu, mauthenga a kubanki ndi malo amene mumagona, ndipo munthu amene wavomera kuzonda mwamuna wanu chifukwa cha ndalama angadzakuopsezeni inunso chifukwa cha ndalama zomwezo. Komanso malamulo sali kumbali yanu pa chinthu chimenechi. Lamulo la RICA la 2002, lomwe lija linakukakamizani kulembetsa simu khadi yanu mutangofika kumeneko, ndi lomwenso limaletsa kutchera mauthenga a munthu wina iye asakudziwa. Kuno kwathu, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza makalata ndi mauthenga a pafoni a munthu aliyense, ndipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti limati kulowa m'zinthu za munthu za pakompyuta popanda chilolezo ndi mlandu. Inu ndinu mlendo m'dziko la eni, ndipo sindikufuna kuti nkhani imene inayamba muli wolakwiridwa ithere kupolisi muli woimbidwa mlandu. Ngati mukuganiza kuti mukusonkhanitsa umboni wokathetsera banja, dziwani kuti makhoti a kumeneko, ngakhalenso a kuno potsatira lamulo la maukwati la 2015, chimene amafuna kuona n'chakuti banja lasokonekera moti silingakonzekenso, ndipo munthu angathe kuonetsa zimenezo popanda kuba mauthenga.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo alamu anga. Kukhala ndi nambala yachinsinsi pafoni si tchimo, makamaka mumzinda umene mafoni amabedwa tsiku ndi tsiku ndipo ndalama za munthu zimakhala momwemo. Koma mwamuna amene akuona mkazi wake akuonda ndi nkhawa, iye n'kumapitiriza kutuluka panja usiku ndi foni osafotokoza kanthu, akulakwa ngakhale atakhala kuti alibe chibwenzi. Muli ndi ufulu wonse wofunsa ndi kuyankhidwa. Ndikudziwa kuti ena akuuzani kuti mwamuna ndi tonde azinunkha, kapena kuti banja ndi kupirira, monga alangizi anatiuzira pa tsiku la ukwati. Ine mawu amenewo sindiwavomereza pa nkhani ngati iyi, chifukwa inu ndi ine taika m'manda anzathu amene anapirira mwakachetechete mpaka matenda anawalowera m'nyumba.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chimene ndikukupemphani sichikukhudza foni n'komwe. Pitani kukiliniki ya boma mukayezetse magazi sabata ino, pakuti kuyezetsa HIV n'kwaulere, ndipo mukafunse anamwino za mankhwala a PrEP oteteza munthu amene alibe kachilombo koma akukayikira mnzake. Zimenezi simufunika chilolezo cha wina aliyense, ndipo sizidikira kuti mudziwe ngati alamu akuyendadi njira zamseri kapena ayi.

Mukatero, sankhani nthawi ya masana, ana kulibe, ndipo muwauze zimene mwaona ndi maso anu, zomwe munandiuza ine zija, popanda kutchula dzina la mkazi aliyense kapena kuwalanda foni m'manja. Muwauze kuti simukugona, ndipo muwafunse chimene chasintha. Mwina adzakwiya, mwina adzakana, mwinanso pali ngongole ya katapila kapena vuto la mapepala limene akuchita nalo manyazi. Yankho lawo, ndi nkhope imene adzayankhire nayo, zidzakuuzani zambiri kuposa mauthenga zana owerengedwa mumdima. Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wanu ndi zaka 11 ndi ana atatu, choncho ndikupempha kuti musaponye mwala musanaone bwino chimene chakhalapo. Koma ngati alamu anakukwezeraniko dzanja ndi kale lonse, musawafunse muli awiri m'nyumba yotseka. Itanani mayi wachikulire wa kumpingo kwanu akhalepo, ndipo kumbukirani kuti lamulo la kumeneko la 1998 loletsa nkhanza za m'banja limalola munthu kukapempha chikalata chomuteteza kukhoti la majisitireti.

Akakana kulankhula, nkhaniyi ndi ya ankhoswe. Ndikudziwa kuti kukhala kutali kumachititsa munthu kumva ngati alibe mwini, ndipo mwina n'chifukwa chake foni ya alamu yakhala ngati malo okhawo amene mungapezeko choonadi. Koma malume anu alipo ku Ntcheu, ankhoswe a kuchimuna aliponso, ndipo masiku ano mabanja ambiri a ku Joni amaweruzidwa pa vidiyo, anthu atakhala pamphasa kumudzi. Foni yomweyo imene ikukusowetsani tulo ingathe kukhazika anthu anayi pamodzi kuti alamu ayankhe pamaso pa anthu amene sangawanamize mosavuta.

Ife kuno, nkhani ija itatha, tinagwirizana pamaso pa ankhoswe kuti aliyense azidziwa nambala yachinsinsi ya mnzake chifukwa cha ngozi ndi matenda, koma wina asatsegule foni ya mnzake mwini wake kulibe, ndiponso kuti ndalama iliyonse yopita kwa achibale tizikambirana isanatumizidwe. Sindinganame kuti chikayiko sichibweranso. Chimabwera nthawi zina, koma tsopano ndimafunsa ndi pakamwa tsiku lomwelo, ndipo mwana uja amabwera kudzakhala nafe patchuthi.

Ndikuimbirani Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, nthawi imene munati alamu amakhala ali kuntchito. Mudzandiuze ngati mwapita kukiliniki, ndiponso ngati mukundilola kuti ndikwere minibasi ndikaonane ndi malume anu ku Ntcheu ndisanauze mayi anu. Sindilankhula ndi munthu aliyense mpaka nditamva kwa inu. Mundiperekere moni kwa ana.

Ndine mnzanu ndi m'bale wanu,

Nangozo