Lipoti la msonkhano wa ku Ngabu: mpanda wosunthika wa nkhuku

A pampando, a komiti ndi mamembala nonse, munatituma awiri ku msonkhano wa alimi a nkhuku ku Ngabu kuti tikamve za mpanda wotheka kuusuntha, poti dandaulo la chaka chilichonse ndi lomwelija: nkhuku zikufukula nazale, zikutha ndiwo za kudimba, ndipo tikudana ndi anansi.

Tinaona mitundu itatu. Wa bango kapena mapesi a mapira sulira ndalama, koma umatseka mphepo, ndipo kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nkhuku zimangoyasamula, mapiko ali pansi, mazira n'kuchepa. Chiswe nachonso chimauyamba m'munsi. Wa ukonde wa pulasitiki ndi wopepuka koma dzuwa limaupserera, galu amangoung'amba. Ukonde wa udzudzu wochokera kuchipatala ayi ndithu, umenewo ndi wa ana athu. Ife tasankha waya wa nkhuku womangidwa pa mafelemu.

Pogula, funsani wamtali mamita 1.8, wa maso a mamilimita 25. Wa maso a 50 ndi wotchipa, koma anapiye amadutsa, likongwe amalowa. Mpukutu umodzi kawirikawiri umakhala mamita 30. Ugwireni ndi dzanja: wopyapyala wopindika ngati ulusi umachita dzimbiri msanga, makamaka m'madera athu amene nthaka ndi madzi a m'mijigo zili ndi mchere.

Felemu iliyonse ikhale mamita 2 m'litali ndi 1.5 msinkhu, ya nsungwi zokhwima kapena timitengo towongoka ta nimu, ndi mtengo umodzi wopingasa kuti isapotoke. Waya wotsala m'munsi, masentimita 30, musaudule. Upindeni ugone pansi cha kunja ndi kuupanikiza ndi miyala kapena zikhomo. Apa ndi pomwe alangizi anatsindika kwambiri, ndipo tikugwirizana nawo: mipanda yambiri imalephera m'munsi, osati pamwamba. Pansi sipakhala posalala, nkhuku imafukula pomwe yaona kampata, galu ndi ng'azi zimakumba kunja. Mafelemu 8 amazungulira malo a mamita 4 mbali zonse, okwanira nkhuku 10 zikamasunthidwa. Mangani felemu ndi inzake ndi chingwe kapena mphira wa chubu, osati misomali, kuti anthu awiri athe kumasula ndi kunyamula. Pa ngodya iliyonse khomani chikhomo cholimba, chifukwa mphepo ya mvula zoyamba imagwetsa mpanda wongoimika.

Nkhuku zachikuda zimauluka kuposa za Mikolongwe. Ikatulukira pamwamba, dulani ndi sizasi theka la nthenga zazitali za phiko limodzi lokha. Mukadula onse awiri imaulukabe. Nthenga zongomera kumene zili ndi magazi, zisiyeni. Za kabawi, pingasani zingwe pamwamba motalikirana pang'ono, ndipo nkhuku ya anapiye ikhale ndi chitete chothawiramo.

Sunthani mpanda pakatha masiku atatu mpaka asanu, kapena mukaona udzu watha ndi zitosi zachuluka. Kuchedwa kumaunjika mazira a njoka za m'mimba pamalo amodzi. Uikeni pansi pa nimu, kapena funditsani mbali imodzi ndi mlaza, mthunzi ugwe masana. Munda wa ndiwo mukakolola, ikanimo nkhuku zitole tizilombo ndi kusiya manyowa, koma osati pomwe mwangopopera mankhwala.

Chomwe ambiri samachiwerengera ndi ichi: nkhuku yotsekeredwa sidzifunira yokha chakudya. Nkhuku 10 zazikulu zimafuna chakudya chopitirira pang'ono kilogalamu imodzi patsiku, ndi madzi malita 4 kapena 5 nyengo yotentha, oikidwa pamthunzi ndi kusinthidwa masana. Madeya okha sakwanira. Onjezerani mapira, chiswe, fumbi la usipa ndi masamba a chammwamba. Amene sangakwanitse zimenezi azitsekera nthawi ya nazale ndi ya dimba yokha.

Mpandawu ndi wa masana. Usiku nkhuku zigone m'khola la m'mwamba lotseka bwino. Sutetezanso ku chitopa, choncho katemera wa I-2 wodontheza m'diso apitirire monga mwa kale. Kuyambira Januwale mpaka Malichi muzisamutsira mpanda kumtunda madzi asanafike. A ku Makhanga ndi ku Bangula akudziwa zomwe namondwe wa Freddy anachita mu 2023.

Pempho lathu ku komiti: gulu ligule mipukutu iwiri. Mamita 60 atulutsa mipanda itatu ya mamita 16, ndipo mamita 12 otsala akhale okonzera pong'ambika. Mabanja atatu oyamba tiwasankhe pa msonkhano ukubwerawu, ndipo aliyense abwere ndi nsungwi zake zouma kale.