Munatigulitsa tsiku la gofu pa bwalo lotseka, tibwezereni ndalama zathu

Ndikulemba poyera chifukwa foni simukuyankha, ndipo mauthenga anga asanu a pa WhatsApp mwawerenga onse koma mwangokhala duu. Inu a kampani yokonza maulendo, amene mumatsatsa malonda anu m'Chichewa kwa ife Amalawi okhala ku Joni kuno, ndikuyankhulani m'chinenero chomwecho kuti amene mumawanyengerera amve nawo.

Bambo anga ananyamulira anthu ndodo za gofu ku Limbe kwa zaka zoposa 20. Masewerawa anawaphunzira ndi maso, chikwama chili paphewa. Chaka chino akwanitsa zaka 70, ndipo chimene akhala akuchilakalaka moyo wawo wonse ndi chimodzi: kuponda udzu wa Gary Player Country Club ku Sun City, kumene kumachitikira Nedbank Golf Challenge, mpikisano womwe unayamba mu 1981. Mpaka lero amasimba mmene Nick Price wa ku Zimbabwe anapambanira pa bwalo limeneli mu 1993, 1997 ndi 1998, iwo akuonera pa TV ya ku kalabu ataima kumbuyo kwa mabwana. Zonsezi ndinakuuzani mu Ogasiti, tsiku limene ndinabwera ku ofesi kwanu. Ndinatchula dzina la bwalolo katatu. Mayi amene anandithandiza analilemba papepala ine ndikuona.

Ndinalipira R16,400: masiku awiri ogona anthu anayi, ndi masewera awiri a ine ndi bambo, tsiku loyamba ku Gary Player m'mawa, lachiwiri ku Lost City, bwalo lina la gofu la ku Sun City komweko. Lisiti yanu ikunena kuti zonse zalipiridwa.

Mu Novembala tinanyamuka ku Johannesburg kusanache, ulendo wa maola awiri ndi kanthu. Usiku wake bambo anali atapolisha nsapato zawo zakale za gofu n'kuziika pakhomo ngati mwana amene akukayamba sukulu. Titafika, mnyamata wolandira osewera anafufuza mu kompyuta kawiri, kenako anatiuza mwaulemu kuti bwalolo ndi lotseka masiku amenewo chifukwa akulikonzera mpikisano waukulu uja, ndipo mayina athu palibe paliponse. Tinkadzionera tokha anthu akumanga mipando ya oonerera. Bambo sananene kanthu. Anavula chipewa, n'kupempha ngati angawalole kungoyang'ana chapatali dzenje la nambala 9, lija lozunguliridwa ndi madzi. Anawalola. Anaima pamenepo nthawi yaitali, golovesi ili m'manja, ine ndikulimbana ndi foni yanu.

Mutayankha munandiuza kuti, "Aa achimwene, gofu ndi gofu basi, takuikani ku Lost City masiku onse awiri." Mawu amenewa ndi amene andiwawa kuposa ndalama. Munthu wogulitsa maulendo a gofu sangayankhule choncho. N'zoona kuti mabwalo onse awiri anawakonza ndi Gary Player, katswiri wa gofu wa ku South Africa, koma si amodzi. Loyamba, la mu 1979, ndi lalitali, lovuta, ndipo n'limene akatswiri a dziko lonse amapikisanirapo. Lost City linabwera pambuyo, mu 1993, pakati pa miyala ndi tchire, ndipo kumeneko osewera amayenda pa tingolo ta gofu. Ndi bwalo lokongola ndithu, sindikulinyoza. Koma munthu amene wayenda pansi zaka zonsezi atasenza ndodo za ena ankafuna kuyenda yekha pamene anayenda Nick Price, ndodo zake atamunyamulira wina, kamodzi kokha. Ndi chimene ndinagula kwa inu.

Ngakhale za masiku awiri zija zinali zabodza. Ku Lost City tinapezeka tsiku limodzi lokha, ndipo nthawi yake inali 12:40 masana, osati 7 koloko m'mawa monga tinagwirizana. Aliyense wodziwa dera la Pilanesberg akudziwa dzuwa la mu Novembala mmene limaswera mtengo. Kangolo kaja ndinalipiranso ndekha pomwepo, chifukwa inu simunalipire. Bambo anapirira mpaka dzenje la nambala 13, kumene kuli ng'ona zenizeni m'dziwe la kutsogolo kwa dzenjelo. Mpira wawo unadumpha dziwelo bwinobwino, ndipo pamenepo pokha ndi pamene ndinawaona akumwetulira. Pofika pa 14 manja anali akunjenjemera, malaya atanyowa ngati agwera m'madzi. Tinasiyira pompo.

Mkazi wanga ndi mwana anasangalala ku Valley of Waves, malo osewerera m'madzi, ndipo zipinda zinali bwino. Pamenepo ndilibe dandaulo, ngakhalenso kwa ogwira ntchito kumeneko amene anayesetsa kutithandiza pa vuto limene sanaliyambitse iwo.

Funso langa kwa inu n'lakuti: masiku a mpikisano uja amalengezedwa miyezi yambiri usanachitike, nanga inu munatenga bwanji ndalama zanga osaimba n'komwe kufunsa ngati bwalo lidzakhala lotsegula? Ngati munaimba n'kudziwa, bwanji simunandiuze? Ndikanasuntha ulendowo, bambo akanabwera mwezi wina. Ndinakupemphaninso kangapo nambala yotsimikizira kuti malo asungidwa, inu n'kumangoti "musadandaule, zonse zili m'manja mwathu." Ndinakukhulupirirani chifukwa ndinu anthu akwathu.

Ndikufuna mundibwezere ndalama za masewera a ku Gary Player amene sanachitike, ndi za kangolo zimene ndinalipira kawiri. Malisiti onse ndili nawo, pamodzi ndi mauthenga anu. Ndikufunanso kalata yopepesa yolembera bambo anga, osati ine, m'Chichewa, kuti awerenge okha. Likafika Lachisanu osamva kanthu, nkhaniyi ndikaitula ku National Consumer Commission, bungwe la boma loona madandaulo a ogula, chifukwa lamulo loteteza ogula la mu 2008 la dziko lino limatetezanso ife obwera.

Bambo anakwera basi yobwerera kumudzi Lamlungu lapitali. Nsapato zija anazisiya kunyumba kwanga, akuti ndiwasungire mwina tsiku lina adzabweranso. Nambala yanga muli nayo.