Ndisaine kontirakiti ya ng'ombe za eni kapena ndibwerere ku Chikwawa?

Zikomo Aphungu,

Tsamba lanu ndimaliwerenga pa foni, kawirikawiri Lamlungu madzulo ndikakwera makwerero a thanki ya madzi, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira pafamu pano. Ndaona kuti nkhani zambiri zimene mumayankha ndi za mabanja. Yangayi ndi ya ng'ombe, koma banja lilimonso, choncho chonde musaikankhire kumbali.

Ndine bambo wa zaka 41, kwathu ndi ku Chikwawa kufupi ndi Ngabu. Ndidakulira kubusa, ndipo nditamaliza Fomu 4 ndidakaphunzira za ziweto ku Natural Resources College ku Lilongwe. Mu 2019 mnzanga amene adatsogola kuno adandiuza kuti mwini famu ina m'boma la Ghanzi, kumadzulo kwa Botswana, akufuna munthu woyang'anira ng'ombe za nyama. Ndidasiya mayi a kunyumba ndi ana atatu, n'kuuyamba ulendo. Lero ndikuyang'anira famu ya mahekitala 6,000 ndi abusa asanu ndi awiri. Abwana amakhala ku Gaborone ndipo amabwera kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu.

Kuti mumvetse vuto langa, ndiyambe ndafotokoza za malo ano. Kuno ndi ku Kalahari. Munthu wokulira m'mbali mwa Shire zimamuvuta kukhulupirira kuti kuli dziko lopanda mtsinje ndi umodzi womwe, koma ng'ombe n'kumanenepa. Madzi onse amachokera m'mijigo, ndipo nthawi yotentha ng'ombe imodzi yaikulu imamwa malita 40 mpaka 50 patsiku. Pampu ikangofa, mumakhala ndi masiku awiri okha oti muikonze. Dothi ndi mchenga, udzu umamera motalikirana, moti ng'ombe imodzi imafuna mahekitala osachepera 10 kuti idye chaka chonse osawononga msipu. Mukawerengera, famu yathu siyenera kupitirira ng'ombe 600, ndipo chaka cha mvula yochepa ngakhale 500 n'zambiri. Pamene chilala cha 2023 mpaka 2024 chimayamba, tidali ndi 780.

Ndidawauza abwana mu Epulo 2024, udzu usanathe, kuti tigulitse ng'ombe 200 zikadali ndi thupi: mitheno yonse, zazikazi zokalamba ndi zija zimene sizidatenge bere. Kuno msika ulipo. Ng'ombe iliyonse ili ndi kachizindikiro kukhutu kolembetsedwa m'kaundula wa boma wotchedwa BAITS, ndipo malole amazinyamula mumsewu wa Trans-Kalahari kudutsa ku Kang ndi ku Jwaneng mpaka ku Lobatse, mtunda woposa makilomita 600, komwe kuli fakitale ya Botswana Meat Commission yotumiza nyama ku Ulaya. Kulinso ogula ena amene amakazinenepetsa m'makola. Abwana adakana. Adati mtengo watsika chifukwa aliyense akugulitsa, tidikire mvula. Ndidayankhula kamodzi, kawiri, kachitatu ndidangoti chabwino bwana. Paja amati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo chiphaso changa chogwirira ntchito chili m'dzina la famu yomweyi.

Boma la Botswana lidalengeza kuti chaka chimenecho ndi cha chilala chadzaoneni. Pofika Okutobala, kuzungulira malo omwera madzi kudali mbee, mchenga wokhawokha, ndipo ng'ombe zinkayenda ulendo wautali kukafuna udzu n'kubwerera zitatheratu. Tsiku lina m'mawa ndidapeza ng'ombe yaikazi ya mtundu wa Brahman, imene ndidaibereketsa ndi manja angawa chaka chimene ndidafika, itaima pansi pa mtengo ikukukuta chigoba cha kamba. Dothi la kuno lilibe fosifolasi wokwanira, ndiye ng'ombe zikasowa mchere wonyambita zimayamba kutola mafupa, ndipo m'mafupa owolawo ndi momwe mumakhala poizoni wa matenda amene alimi a kuno amawatcha lamsiekte. Mchere wonyambitawo udali utatha milungu itatu m'mbuyomo, ndalama yogulira wina isanatumizidwe. Patatha masiku anayi ndidaipeza itagona, lilime lili panja, ikulephera kudzutsa khosi. Mwana wake adali ataima pambali akulira. Ndidaiwombera ndekha. Sindinama, ndidakhala m'galimoto nthawi yaitali ndisanalize injini.

Zina zidafa ndi mogau, kachitsamba kamene kamaphuka kobiriwira mvula isanagwe, pamene china chilichonse chili chouma. Ng'ombe yanjala ikakaona imathamangira, ndipo ikadya n'kukamwa madzi imangogwa, mtima waima. Kusukulu sadatiphunzitse za kachitsambaka chifukwa kwathu sindidakaonepo. Adandiphunzitsa ndi mkulu wina wa mtundu wa Naro, amene adabadwira pafamu pompano makolo ake akugwira ntchito kwa eni akale. Iyeyu sadziwa kulemba, koma akayang'ana mapazi pamchenga amakuuzani kuti ndi ng'ombe iti yadutsa, nthawi yanji, ndiponso ngati ikutsimphina. Ndi amene adandigwira dzanja tsiku lina n'kundiletsa kutsegula chipata cha kumadzi, nati zimene zadya mogau zisamwe ndipo zisathamangitsidwe. Tsiku limenelo tidapulumutsa zambiri. Komabe pofika Disembala tidali titataya ng'ombe 63, osawerengera ana amene adafa chifukwa amayi awo adauma mkaka.

Abwana atabwera adandiitanira pakhonde. Adati ng'ombezo zafa chifukwa cha kusasamala kwanga, ndipo bonasi ya chaka chimenecho sindidaione. Mawu amene adandilasa kwambiri ndi akuti ine ndidazolowera ng'ombe zisanu za m'khola la kumudzi, pamene iyi ndi bizinesi. Sindidayankhe. M'kabuku kanga mudali tsiku lililonse limene ndidawapempha kuti tigulitse, koma kabukuko kadatsala m'thumba.

Ndisawanamizire abwanawa, si munthu woipa mtima. Malipiro sadachedwetsepo ndi mwezi umodzi womwe. Bambo anga atamwalira adandipatsa ndalama ya ulendo ndi masiku okwanira, osadula kalikonse. Ndikudziwanso kuti ali ndi ngongole kubanki, ndipo kwa iwo kuchuluka kwa ng'ombe ndiko kumawapatsa tulo. Anthu a kuno ng'ombe amaikonda ngati mmene timaikondera ife a kuchigwa, ndipo munthu sagulitsa mwachisawawa. Zimenezo ndimazimvetsa, chifukwa bambo anganso ankalolera kugona ndi njala kusiyana n'kutulutsa nkhunzi m'khola. Koma kumvetsa sikumeretsa udzu.

Kumayambiriro kwa 2025 mvula idagwa yambiri, mpaka mu Febuluwale madzi adasefukira ku Gaborone. Famu yonse idabiriwira. Abwana akamadutsa pagalimoto amaona kubiriwirako n'kumati dziko lachira. Ine ndimayenda pansi. Udzu umene wamera ndi uja wa nyengo imodzi, wouma msanga n'kuuluka ndi mphepo ikafika Ogasiti. Udzu wa mizu yozama, umene umasunga ng'ombe m'chilimwe, udatha m'zigawo zitatu zoyandikira mijigo, ndipo m'malo mwake mukudzaza mongana, mtengo waminga yokowa umene ukachuluka ng'ombe sizingalowemo n'komwe. Zigawo zimenezo zikufunika kupuma nyengo za mvula ziwiri popanda chiboda kupondamo. Mkulu uja adanditengera pamalo pena n'kundiuza kuti ali mnyamata udzu wa pamenepo unkafika m'chiuno. Lero ndi minga yokhayokha.

Tsono nkhani yafika apa. Kontirakiti yanga ikutha, ndipo abwana andipatsa yatsopano ya zaka zitatu. Malipiro akweza, ndipo ndikuthokoza. Koma alembamo zinthu ziwiri. Choyamba, akugula misoti 150 yoti iwonjezere pa ng'ombe zimene zilipo. Chachiwiri, ng'ombe zikafa kupitirira chiwerengero chimene aika pachaka, mtengo wake uzidulidwa ku malipiro anga. Ndiye kuti chiganizo chodzaza famu ndi chawo, koma imfa zobwera chifukwa cha chiganizocho ndi zanga. Chilala kuno sichifunsidwa ngati chibwera, chimangofunsidwa kuti chaka chiti. Ndikasaina, ndikusainira ngongole imene ndikuiona ikubwera. Ndipo ngakhale pakadapanda za kudula malipirozo, mtima wanga sukundilola kuthira ng'ombe zina pa msipu umene ndikudziwa kuti ukufa.

Kumudzi nako mayi a kunyumba atopa. Zaka zonsezi ndakhala ndikupita kamodzi pachaka, ulendo wa masiku atatu kapena anayi: Maun, Nata, mlatho wa Kazungula, Livingstone, Lusaka, Chipata, Mchinji, kenako Lilongwe, Blantyre n'kutsetsereka mapiri mpaka kuchigwa. Mwana wathu wotsiriza adali wa miyezi isanu ndi itatu pamene ndimachoka. Ulendo wathawu adabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi ake tsiku lonse loyamba, ndipo adayamba kundiitana kuti adadi ndili pafupi kubwerera. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, khola la bambo anga lidakokoloka. Pa ng'ombe 11 padatsala ziwiri. Ine ndidali kuno ndikubaya katemera ng'ombe za eni, ndipo ndidamva patatha masiku atatu mafoni atayambanso kugwira. Bambo sadakhalitse pambuyo pake. Amayi anga sanenapo kanthu, koma mkazi wanga adanena usiku wina pa foni kuti, "Bambo a Chisomo, ng'ombe za anthu mukuzidziwa ndi maina, koma ana anu akukula osakudziwani." Sindidakwiye, chifukwa sadaname.

Maganizo ake ndi akuti ndibwerere, titenge ndalama imene ndasunga tigule ng'ombe khumi, tizinenepetsa m'khola ndi madeya ndi mapesi n'kumagulitsa kwa a mabutchala a ku Blantyre. Nzeru ya ntchitoyo ndili nayo, mwinanso kuposa pamene ndimachoka. Chimene chikundiopsa n'chakuti kuchigwa ndikukudziwa. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, monga amachitira kawirikawiri m'madera oyandikana ndi nkhalango ya Lengwe komwe kuli njati, boma limatseka misika ndipo ng'ombe zonenepa zimangodya ndalama m'khola. Akuba ng'ombe nawo sagona. Madzi osefukira tawaona kawiri m'zaka ziwiri zotsatizana, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Komanso chichokereni pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya kuno, pula, imene ndimatumiza ndiyo ikulipira fizi ya mwana wathu woyamba amene ali Fomu 3, ya mwana wa mchemwali wanga wamasiye, ndi mankhwala a shuga a amayi. Ndikabwerera n'kulephera, si ine ndekha amene ndigwe.

Palinso china chimene mkazi wanga sindidamuuze, poopa kuti angaone ngati ndikukonda kuno kuposa kwathu. Abusa anga ndi mabanja awo amakhala pafamu pompano, ndipo ena alibe kwina kopita. Nditafika ndidapeza akulandira malipiro mochedwa chifukwa kapitawo wakale ankasunga ndalama zawo. Ndidakonza zimenezo, ndipo ana awo tsopano ndimawatengera ndekha kusukulu ya ku D'Kar teremu ikamayamba. Poyamba ankandiona ngati mlendo wodzawalamula, ndipo chaka chonse choyamba ankandiyankha ndi mawu amodzi okha. Lero tikapha mbuzi amandipatulira seswaa yanga, nyama yophika n'kusinja, ndipo Chitswana changa chosweka amachimva. Ndikachoka, wobwerayo adzangovomera misoti 150 ija, ndipo msipu ukatha oyamba kuchotsedwa ntchito adzakhala iwowa.

Ndiye Aphungu, ndithandizeni. Kodi munthu wolembedwa ntchito m'dziko la eni, amene chiphaso chake chili m'manja mwa abwana, angawauze bwanji abwanawo kuti akulakwitsa popanda kuoneka wamwano? Ndaganiza zowapempha kuti tsiku limodzi atsike m'galimoto tiyende limodzi wapansi m'zigawo zitatu zija, mkulu uja akutitsogolera, kenako ndiwaonetse kabuku kanga ndi chiwerengero cha ana a ng'ombe amene tidaletsa kuyamwa chaka chilichonse, aone okha kuti zaka zimene tidali ndi ng'ombe zochepa ndi zimene tidapeza ana ambiri ndiponso olemera. Ndaganizanso zopempha kuti tiitane mlangizi wa boma wa za msipu adzayeze famuyi, kuti mawu asakhale anga okha. Koma ndikuopa kuti angaone ngati ndikufuna kuwachititsa manyazi ndi nkhani ya 2024 ija. Kodi ndi bwino kuwauza poyera kuti ndisaina pokhapokha achotse mfundo yodula malipiro ndi kuchedwetsa misotiyo, ndikudziwa kuti akhoza kungoti zikomo, pita? Kapena ndipemphe chaka chimodzi chokha m'malo mwa zitatu, mwana amalize Fomu 4, uku mkazi wanga akuyamba ndi ng'ombe zitatu kapena zinayi ine ndisanafike?

Ndipo mayi a kunyumba ndiwayankhe chiyani? Chaka chatha ndidawalonjeza kuti kontirakiti ino ndi yomaliza. Za pepala latsopanoli sindidawauzebe. Lili m'kabati pansi pa buku la katemera, ndipo abwana anena kuti akubwera Loweruka lomaliza la mwezi uno kudzalitenga litasainidwa.

Ine wanu,
Mwana wa ku Chikwawa,
Ghanzi, Botswana